Alumikizi Otsutsa ndi Opatula m'Chingerezi: Matanthauzo Awo ndi Vuto la Kuwamasulira

1. Mau Oyamba

Mabuku a mau ofanana matanthauzo m'Chingerezi amaika _but_, _however_, _yet_, _nevertheless_, _although_, _whereas_ ndi _except_ m'khola limodzi. Womasulira naye akafika pa mauwa, kawirikawiri dzanja limathamangira ku _koma_ kapena _komabe_. Motero wophunzira amakula akuganiza kuti kusankha pakati pa mauwa ndi nkhani yongokometsa kalembedwe. Cholinga cha pepala lino ndi kuonetsa kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Mauwa amasiyana pa malo amene amakhala m'chiganizo, amasiyananso pa mtundu wa kutsutsa kumene amanyamula, ndipo ena a iwo akamasuliridwa mosasamala amatembenuza tanthauzo la chiganizo chonse.

Nkhaniyi ikukhudza okonza za ziyankhulo pa chifukwa chodziwika. Chiyambire 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko la Malawi, Chingerezi chakhalabe chiyankhulo cholembera malamulo ndi zikalata za boma. Ndime 42 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 imapatsa munthu womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira m'chiyankhulo chimene amamva, komanso ufulu wokhala ndi womasulira pozengedwa mlandu. Ufulu wotere umadalira timau ting'onoting'ono monga _unless_ ndi _save_, pakuti m'timau timeneti ndi momwe lamulo limanena za amene sakukhudzidwa nalo.

M'zitsanzo zonse, kanyenyezi koikidwa kumayambiriro kakusonyeza chiganizo chimene eni chiyankhulo sachivomereza.

2. Magulu Atatu Potsata Malo M'chiganizo

Randolph Quirk ndi anzake, m'mabuku awo a malamulo a Chingerezi a 1972 ndi 1985, adagawa mau amtunduwu poyang'ana khalidwe lawo m'chiganizo. Gulu loyamba ndi la mlumikizi wa nthambi zofanana mphamvu, amene ndi _but_. Gulu lachiwiri ndi la alumikizi oyambitsa nthambi yodalira inzake, monga _although_, _though_, _while_ ndi _whereas_. Gulu lachitatu ndi la aonjezi olumikiza, monga _however_, _nevertheless_ ndi _still_. Pali mayeso atatu amene amaonetsa malire a maguluwa.

Yeso loyamba ndi kusuntha nthambi yonse kupita kumayambiriro. Nthambi ya _although_ imasuntha, ya _but_ siyisuntha.

(1) a. Although the rains came late, the harvest was good.
b. *But the harvest was good, the rains came late.

Yeso lachiwiri ndi kusuntha liu lokhalo m'kati mwa nthambi yake. _However_ amakhala kumayambiriro, pakati kapena kumapeto, pomwe _but_ sachoka pakhomo pa nthambi.

(2) a. The harvest, however, was good.
b. *The harvest, but, was good.

Yeso lachitatu ndi kutsogoza _and_. Mngelezi amati _and yet_, _and still_, _and nevertheless_, koma sanena _and but_, chifukwa alumikizi awiri a gulu loyamba sangakhale pa mpando umodzi. _Yet_ ali pamalire: amalola _and_ monga muonjezi, koma sasuntha m'kati mwa nthambi, monga momwe _but_ sasunthira. _Though_ naye ali ndi nkhope ziwiri, pakuti amayambitsa nthambi yodalira ndiponso amatha kukhala kumapeto ngati muonjezi, ntchito imene _although_ sagwira.

Magulu amenewa amatithandiza kumvetsa cholakwa chimene aphunzitsi a Chingerezi amachidziwa bwino.

(3) a. *Although the rains came late, but the harvest was good.
b. Although the rains came late, the harvest was nevertheless good.
c. Ngakhale mvula idachedwa, komabe zokolola zidali zambiri.

Chiganizo (3c) ndi Chichewa chabwino, ndipo Chitchaina nacho chimalola alumikizi awiri otere kuyendera limodzi. Chingerezi chovomerezeka chimakana (3a) chifukwa _although_ wanena kale kuti nthambi yoyamba ndi yodalira, pomwe _but_ akufuna nthambi ziwiri zofanana mphamvu. Chimavomereza (3b) chifukwa _nevertheless_ ndi muonjezi chabe. Wophunzira amene walemba (3a) ganizo lake ndi lolongosoka. Chimene sadauzidwe ndi chakuti _komabe_ wa mu (3c) amafanana ndi _nevertheless_, osati _but_.

3. Ntchito Zitatu za Kutsutsa

Tikachoka pa malo n'kulowa pa tanthauzo, tiyambe ndi mfundo imene Gottlob Frege adaiona ndipo H. P. Grice adaikuza: pa nkhani ya choona ndi chonama, _but_ sasiyana ndi _and_. Chiganizo chakuti _A but B_ chimakhala choona ngati A ndi woona ndipo B ndi woona. Chimene _but_ amaonjezera ndi chizindikiro kwa womvera chakuti B akuwombana ndi china chake. Funso ndi lakuti, akuwombana ndi chiyani?

Robin Lakoff mu 1971 adasiyanitsa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yotsutsa chiyembekezo. Yachiwiri ndi yoika zinthu ziwiri poyera kuti kusiyana kwake kuoneke. Jean-Claude Anscombre ndi Oswald Ducrot mu 1977, polemba za _mais_ wa Chifalansa, adaunika ntchito yachitatu, yokonza mau olakwika.

3.1 Kutsutsa chiyembekezo

(4) a. He took the medicine, but he did not recover.
b. Adamwa mankhwala koma sadachire.

Nthambi yoyamba imautsa chiyembekezo chakuti munthuyo adachira, ndipo yachiwiri imachigwetsa. Pano ndi pomwe _yet_, _still_, _nevertheless_ ndi _although_ angalowe m'malo mwa _but_, ndipo m'Chichewa _komabe_ angalowe m'malo mwa _koma_. _Yet_ amaonetsa kudabwa koposa _but_, pomwe _nevertheless_ amavomereza kulemera kwa mfundo yoyamba asanaikankhire pambali.

Anscombre ndi Ducrot adaonetsanso kuti nthambi yotsatira mlumikizi ndiyo imapambana.

(5) a. The witness is old, but his memory is clear.
b. The witness's memory is clear, but he is old.

Mfundo ndi zomwezo, koma (5a) akulimbikitsa kuti umboniwo ulandiridwe, pomwe (5b) akuukayikitsa. Ndi _although_ kulemera kumagwera nthambi yoima payokha, kaya ili kutsogolo kaya kumbuyo. Womasulira amene asintha ndondomeko ya nthambi pofuna kuti Chichewa chimveke bwino ayenera kuonetsetsa kuti mfundo yopambana m'Chingerezi ndiyo yapambananso m'Chichewa.

3.2 Kusiyanitsa zinthu ziwiri

(6) a. Rice needs a great deal of water, whereas sorghum needs little.
b. Mpunga umafuna madzi ambiri pomwe mapira amafuna ochepa.

Pano palibe chiyembekezo chimene chagwetsedwa. Palibe amene amati popeza mpunga umafuna madzi ambiri ndiye kuti mapiranso atero. Pali zinthu ziwiri ndi makhalidwe awiri osiyana, ndipo nthambi zingasinthane malo tanthauzo osasintha. _But_, _while_ ndi _by contrast_ amagwira ntchitoyi, koma _nevertheless_ saigwira. M'Chichewa _pomwe_, _pamene_ ndi _koma_ ndi oyenera. Tikaika _komabe_ mu (6b) tamuikira woyankhula maganizo amene analibe.

Tichenjeze kuti _whereas_ wa kumayambiriro kwa mapangano ndi malamulo alibe kutsutsa kulikonse. Ntchito yake ndi kutchula zifukwa zimene chikalatacho chalembedwera, ndipo Chichewa chake ndi _popeza_ kapena _poona kuti_.

3.3 Kukonza mau olakwika

(7) a. It was not a goat but a sheep.
b. *It was not a goat, however a sheep.
c. Sidali mbuzi koma nkhosa.
d. *Sidali mbuzi komabe nkhosa.

Nthambi yoyamba iyenera kukhala yokana, ndipo yachiwiri imaika choona pamalo pa chokanidwacho. Ziyankhulo zina zili ndi liu lapadera la ntchitoyi: Chijeremani chimasiyanitsa _aber_ ndi _sondern_, Chisipanishi _pero_ ndi _sino_, Chiswahili _lakini_ ndi _bali_. Chingerezi ndi Chichewa zimagwiritsa ntchito liu limodzi pa zonse ziwiri, ndipo kusiyana kumaonekera pa mau amene angalowe m'malo. _Rather_, _instead_ ndi _on the contrary_ amalowa mu (7a). _however_, _yet_ ndi _nevertheless_ salowa.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amasokoneza _on the contrary_ ndi _on the other hand_. Woyambayo amafuna kuti pakhale mfundo imene ikukanidwa, ndipo amanena kuti choona ndi chosemphana nayo. Wachiwiriyo amavomereza mfundo yoyamba n'kuikapo ina yoti iyezedwe nayo pamodzi. Woyamba ndi wa gawo lino, wachiwiri ndi wa gawo 3.2.

4. Mau Opatula

Kupatula ndi kuchotsa chinthu chimodzi pa gulu limene chiganizo chikunena. Jack Hoeksema mu 1987 ndi Kai von Fintel mu 1993 adaonetsa kuti mau opatula amafuna gulu lathunthu, loyambitsidwa ndi mau monga _all_, _every_, _no_ kapena _none_.

(8) a. Every member except the treasurer signed.
b. No member but the treasurer signed.
c. *Some members except the treasurer signed.

Chifukwa chake ndi chosavuta kumva: sungapatule munthu pa gulu limene malire ake sakudziwika. Chichewa chimatsata lamulo lomwelo. Timati _onse adasaina kupatula msungichuma_, timatinso _palibe adasaina koma msungichuma yekha_, ndipo mu chiganizo chachiwirichi _koma_ akugwira ntchito yopatula monga _but_ mu (8b). Taonaninso kuti chiganizo (8a) chimanena zinthu zitatu nthawi imodzi: msungichumayo ndi membala, sadasaine, ndipo ena onse adasaina.

Mau opatula amasiyana pa ufulu wa malo. _But_ wopatula amakangamira pa dzina lake ndipo sangayambe chiganizo. _Except for_ amayenda momasuka, ndipo angayambe chiganizo. _Save_ ndi wofanana ndi _except_ koma masiku ano amapezeka makamaka m'malamulo ndi m'zolemba zakale. _But for_ ndi chinthu china kotheratu: amanena za chimene chikadachitika.

(9) a. But for the bridge, the village would have been cut off.
b. Pakadapanda mlatho, mudziwo sukadafikirika.

Msampha wina uli pa _besides_ ndi _apart from_. _Besides_ amaonjezera, sachotsa, pomwe _apart from_ amatha kuchotsa kapena kuonjezera. _Kupatula_ wa m'manyuzipepala a Chichewa wayamba kuchita chimodzimodzi, monga m'chiganizo chakuti _kupatula ulimi, amachitanso malonda_. Chimene chimapulumutsa chiganizochi ndi _-nso_. Tikachotsa _-nso_ womvera sadziwa ngati ulimi uli m'kati kapena kunja. M'zolemba za malamulo ndi bwino kusunga _kupatula_ pa ntchito yochotsa yokha, ndi kulemba _kuonjezera pa_ pomwe Chingerezi chili ndi _besides_.

5. Vuto la _Unless_

Mabuku ambiri ophunzitsira amati _unless_ ndi chimodzimodzi _if not_. Michael Geis mu 1973 adaonetsa kuti sizili choncho nthawi zonse.

(10) a. I shall be disappointed if she does not pass.
b. *I shall be disappointed unless she passes.

Chiganizo (10b), ngakhale ena angachilekerere, sichinena zimene (10a) akunena. Mu (10a) kulephera ndiko kudzabweretse kukhumudwa. _Unless_ amatenga nthambi yaikulu ngati chinthu chokhazikika kale, n'kutchula chinthu chimodzi chokha chimene chingachilepheretse. Ndiye kuti _unless_ ndi mlumikizi wopatula, m'bale wake wa _except if_.

Kumasulira kozolowereka ndi _pokhapokha_. Tikayang'anitsitsa, _pokhapokha_ amatanthauza _only if_, ndipo amakumana ndi _unless_ pamene nthambi yaikulu ili yokana.

(11) a. You will not be admitted unless you pay.
b. Simudzalowa pokhapokha mutalipira.

Apa zonse zili bwino. Nthambi yaikulu ikakhala yovomera, zinthu zimatembenuka.

(12) a. The land will revert to the chief unless it is cultivated.
b. Malowo adzabwerera kwa mfumu pokhapokha atalimidwa.

Womvera (12b) angamve kuti malowo adzalandidwa ngati alimidwa, ndipo kuti njira yowasungira ndi kuwasiya agonere. Chingerezi chikunena chosemphana ndi chimenechi. Pali njira zitatu zokonzera. Tinganene kuti _malowo adzabwerera kwa mfumu ngati salimidwa_. Kapena _malowo adzabwerera kwa mfumu, kupatula ngati alimidwa_. Kapena tingasandutse nthambi yaikulu kukhala yokana, _mwini sadzasunga malowo pokhapokha atawalima_. Njira yoyamba ndi yomveka kwa aliyense, yachiwiri ndiyo imasunga bwino tanthauzo lopatula. Vuto lomweli lingabuke pa malangizo a mankhwala, pomwe chiganizo chouza wodwala kuti apitirize kumwa mankhwala _unless_ atatuluka zidzolo chingamveke ngati chikumuuza kuti amwe akaona zidzolozo.

M'malamulo mulinso mau awiri oyenda mosemphana, _notwithstanding_ ndi _subject to_. Ndime yoyamba ndi _notwithstanding_ imapambana ndime imene yatchulidwayo, pomwe yoyamba ndi _subject to_ imaigonjera. Chichewa chake chiyenera kuonetsa wopambana: _posatengera zimene zanenedwa m'ndime yakuti_ pa woyambayo, _mogonjera zimene zanenedwa m'ndime yakuti_ pa wachiwiriyo.

6. Umboni wa Mbiri ya Mau

Mbiri ya mauwa ikutsimikiza magulu amene taona. _But_ adachokera ku _butan_ wa Chingerezi chakale, kutanthauza kunja kwa chinthu, ndipo m'bale wake _buiten_ akutanthauzabe kunja m'Chidatchi. Choncho ntchito yopatula ndiyo yakale, ndipo yotsutsa idabwera pambuyo. _Except_ adachokera ku mneni wa Chilatini _excipere_, kutulutsa kapena kuchotsa, monga momwe _kupatula_ alili mneni woika chinthu padera. _Save_ adalowa kudzera m'Chifalansa. _Unless_ adaumbika m'zaka za m'ma 1400 kuchokera ku _on less_, ndipo _un-_ wakeyo si wokana ayi.

Ekkehard König, m'zaka za m'ma 1980, adaonetsa kuti m'ziyankhulo zambiri mau otsutsa chiyembekezo amachokera ku mau a nthawi. _While_ poyamba adali dzina lotanthauza nthawi, ndipo _still_ ndi _yet_ mpaka lero amanena za chinthu chopitirira. Chichewa chimayenda njira yomweyo. _Pamene_ ndi _pomwe_ ndi mau a malo ndi nthawi amene adatenga ntchito yosiyanitsa. _-be_ wa mu _komabe_ ndi yemwe uja wa mu _akudwalabe_, ndipo nchifukwa chake _komabe_ amakana ntchito yokonza mu (7d): tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chachiwiri chikupitirira ngakhale choyamba chilipo, pomwe mu (7) choyambacho chakanidwa. _Ngakhale_ naye akuonetsa mneni _khala_, monga _albeit_ akuonetsera mneni _be_.

7. Mau Otsiriza

Taona kuti pa mau onse amene amatchedwa ofanana ndi _but_, palibe ngakhale limodzi limene lingalowe m'malo mwake paliponse. _But_ ndi _koma_ ali ndi ntchito zinayi: kutsutsa chiyembekezo, kusiyanitsa, kukonza ndi kupatula. Mau enawo amagwira imodzi kapena ziwiri mwa ntchitozi, ndipo malo awo m'chiganizo ndi osiyana.

Pa zimenezi tikupereka maganizo atatu. Choyamba, olemba mabuku omasulira mau pakati pa Chingerezi ndi Chichewa aleke kundandalika alumikizi popanda zitsanzo. Liu lililonse lilembedwe ndi ntchito yake, gulu lake ndi chiganizo choonetsa pomwe silingalowe. Chachiwiri, mabuku a kusukulu aphunzitse _although_ pamodzi ndi _nevertheless_, ndi kufotokoza poyera chifukwa chimene (3c) ali wololedwa pomwe (3a) ndi wokanidwa. Chachitatu, ntchito yokhazikitsa mau, imene idayambidwa ndi Chichewa Board mu 1972 ndi kupitirizidwa ndi Centre for Language Studies kuyambira 1996, isalekezere pa maina a zinthu. Pakufunika mgwirizano wolembedwa wa momwe omasulira m'makhoti ndi m'zipatala azimasulira _unless_, _save_, _notwithstanding_ ndi _subject to_. Womasulira akaphonya dzina la chinthu, womvera amafunsa kuti chimenecho nchiyani. Akaphonya _unless_ monga mu (12b), chiganizo chimamveka chosalala, womvera safunsa kanthu, ndipo amapita kukachita chosemphana ndi chimene lamulo lanena.